Dziko la Gambia: Mmene Tingaliphunzitsire Ana a Kumtunda

Mphunzitsi wa ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Kabudula akafika pa phunziro la maiko a m'mbali mwa nyanja ya mchere, amapeza vuto limene silinalembedwe m'buku lake. Ana ambiri a kuno sanaonepo ngakhale nyanja yathu ya ku Salima. Ndiponso m'chinenero chathu liwu lakuti nyanja ndi limodzi, kotero kuti mwana akamva za nyanja ya Atlantic amayesa kuti madzi ake ngomwa monga a ku Senga Bay. Tsono ine ndiona kuti kwabwino nkuyambira pa dziko la Gambia, pakuti dzikoli linamangidwa pa mtsinje, ndipo mtsinje ana athu audziwa.

Gambia ali kumadzulo kwa Afirika, ndipo ndiye wochepetsa mwa maiko onse a pa mtunda waukulu wa Afirika. Kukula kwake ndi masikweya kilomita ngati 11,300, pamene Malawi ali ndi 118,484. Ndiye kuti Gambia angalowe m'dziko lathu kakhumi. Kumpoto, kum'mawa ndi kumwera kwake kuli dziko limodzi lokha la Senegal, ndipo kumadzulo kuli gombe la Atlantic la makilomita ngati 80. Pa mapu aoneka ngati chala cholowa m'kamwa mwa Senegal. Ngakhale pamene patambasuka koposa sipafika makilomita 50, ulendo wofanana ndi wochokera ku Namitete kunka ku Lilongwe.

Kodi dziko likhala bwanji lowonda chotero? Funso ili ndilo mtima wa phunziro lonse, ndipo muwalole ana alifunse okha. Mtsinje wa Gambia uchokera ku mapiri a Fouta Djallon m'dziko la Guinea, nuyenda makilomita oposa 1,100 kufikira kunyanja. Kumunsi kwake ngwakuya, kotero kuti zombo zochokera kunyanja zimakwera nawo kutali ndithu. Azungu a malonda anaukhumbira chifukwa cha ichi, ndipo pa kachisi ka James, kamene mu 2011 kanatchedwa Kunta Kinteh, ankasungirapo akapolo. Mu 1816 Angerezi anamanga mudzi wa Bathurst pa matsiriro a mtsinjewo. Ndiwo Banjul wa lero, likulu la dzikolo, dzina limene linaperekedwa mu 1973. Maiko ozungulira anali m'manja mwa Afalansa. Pamene mitundu iwiriyi inapangana za malire mu 1889, Angerezi anangotenga mtsinje ndi timizere ta nthaka tsidya lino ndi tsidya lija. Malirewo anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi, Amandinka, Awolof ndi Afula, monga momwe malire a ku Mchinji anasiyira Achewa ena ku Zambia. Gambia analandira ufulu pa 18 February 1965, miyezi isanu ndi iwiri ife titalandira wathu.

Musayambe ndi mapu a pakhoma. Tulukani nawo ana pabwalo, mulembe pa dothi mtsinje wokhotakhota ndi kamtengo, muutche Bua kapena Namitete. Pamenepo muuze mwana mmodzi alembe mzere mbali iyi ndi mbali iyo, phazi limodzi kuchokera ku madzi, ndipo mufunse kuti: dziko likanakhala lotere, munthu wa ku Nambuma akanapita bwanji kwa abale ake? Ana adzaona okha kuti mtsinje ndiwo msewu, ndiponso ndiwo chotchinga. Kwa zaka zambiri anthu a ku Senegal ofuna kupita kumwera kwa dziko lawo ankadikira bwato lowolotsa, kufikira mu 2019 pamene mlatho unatsegulidwa pafupi ndi Farafenni.

Chovuta kufotokoza ndicho mchere. Nyanja ya Atlantic imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo pokwera imakankhira madzi a mchere m'mtsinje, makamaka m'chilimwe pamene mtsinje wachepa. Motero kumunsi m'mbali mwake muli matope ndi mitengo yopirira mchere imene Angerezi aitcha mangrove, ndipo mpunga umakula bwino kumtunda kumene madzi ngozuna. Dziko lonse ndi lachidikha. Palibe phiri loti nkulitchula, pamene ife kuno tikhala pamwamba mamita oposa 1,000. Kapu ya madzi othira mchere, aliyense alaweko, iphunzitsa zambiri kuposa mawu anga.

Pali zinanso zokondweretsa ana. Gambia ali kumpoto kwa Equator pafupifupi monga momwe Lilongwe aliri kumwera kwake, ndipo chifukwa chake nyengo zawo ndi zathu zisinthana: mvula yawo igwa kuyambira June kufikira October, ife tikukolola ndi kusosa. Pamene ife tipalira m'January, iwo ali m'mphepo youma ya fumbi yochokera ku chipululu cha Sahara, yotchedwa Harmattan. Ndipo mbewu yawo yaikulu ya malonda ndi mtedza, womwewu umene makolo a ana athu akumba ku Mpingu. Kusiyana kwake nkwakuti wawo ufika padoko la Banjul usanatuluke m'dziko, pamene wathu uyenera kudutsa dziko la eni kukafika ku Nacala kapena ku Beira.