AKATSWIRI A MAKOMPYUTA AKAKUMANA, MWANA WA KU PAMODZI APINDULANJI?

Kucokera ku komboni ya Pamodzi mu Ndola kukafika pa Copperbelt University ku Riverside mu Kitwe ndi ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 60, ndipo wolawira m'mamawa amafika dzuwa lisanatenthe. Koma kwa makolo ambiri a ku Pamodzi, ku Chifubu ndi ku Kawama, zimene zimakambidwa m'zipinda za pa yunivesitepo zili kutali ngati tsidya la nyanja. Tikamva pa wailesi kuti aphunzitsi ndi ofufuza za makompyuta ali pa semina, timangoti awo ndi anthu a masuti, zawo sizitikhudza. Komatu nkhaniyi ndi yathu ndithu, pakuti cimene mphunzitsi sanaciphunzire, mwana wathu sadzacimva m'kalasi.

Kodi semina ndi ciyani?

Makolo athu akale anali ndi mphala, imene anzathu Abemba amaicha insaka. Pamenepo wodziwa kusula khasu ankaonetsa anzake, wina ndi kumuwongolera pamene waphonya, anyamata ali chete kumvetsera. Semina ndi mphala ya anthu ophunzira. Mmodzi amaimirira ndi kufotokoza zimene wapeza pa kafukufuku wake, ndipo enawo amamufunsa mafunso mosamunyengerera. Wekishopu imasiyana pang'ono, cifukwa kumeneko munthu sangomvetsera cabe, koma amagwira nchitoyo ndi manja ake: kulumikiza mawaya, kulemba pulogalamu ya kompyuta, kapena kukonza phunziro loti akaphunzitse.

Palinso misonkhano ikuluikulu ya pacaka. Wofuna kulankhula kumeneko amayamba watumiza zimene walemba, ndipo akatswiri ena awiri kapena atatu amaziwerenga ndi kuweruza ngati zili zoona ndiponso zatsopano. Zikapereŵera amazibweza. Pa maphunziro a makompyuta misonkhano yotereyi ili ndi ulemu waukulu, cifukwa zinthu zimasintha msanga kotero kuti buku likamatuluka m'makina osindikizira, zina zolembedwamo zimakhala zitakalamba kale.

Maiko ena anaona kalekale phindu la kukhala pamodzi. Ku Germany kuli nyumba yakale yochedwa Schloss Dagstuhl, kumene kuyambira mu 1990 akatswiri a makompyuta ocokera m'maiko osiyanasiyana amaitanidwa kukakhala pafupifupi sabata yathunthu, kugona ndi kudyera komweko, akukambirana nkhani imodzi. Pa nthawi ya cakudya malo okhala amasakanizidwa dala, kuti wophunzira wacinyamata apezeke pa tebulo limodzi ndi pulofesa wa imvi. Anazindikira zimene mwambi wathu umanena, kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Zimene kukumana kwatibweretsera

Kuno kwathu zipatso za kukumana kotere tikuzidya tsiku ndi tsiku, ngakhale sitidziwa mtengo wake. Intaneti imene lero tili nayo pa foni inalowera pa khomo la yunivesite. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, anchito a ku cigawo ca makompyuta pa University of Zambia mu Lusaka ankatumiza ndi kulandira makalata a pa kompyuta kudzera pa lamya, mothandizana ndi anzawo a ku Rhodes University ku South Africa. Mu November 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesitepo, inalumikiza Zambia ku intaneti yeniyeni, ndipo dziko lathu linakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kucita zimenezi.

Pambuyo pake mayunivesite atatu a boma, University of Zambia, Copperbelt University ndi Mulungushi University ya ku Kabwe, anagwirizana kukhazikitsa bungwe la ZAMREN, limene linayamba nchito mu 2012. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya amai a pamsika amene amasonkherana ndalama kuti aode thumba lathunthu la kapenta pa mtengo wotsika: masukulu akuluakulu amagulira pamodzi intaneti, ndipo amisiri awo amaphunzitsidwa pamodzi kasamalidwe kake. ZAMREN ili m'gulu la UbuntuNet Alliance, limene likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo msonkhano wa pacaka wa gululi unacitikira mu Lusaka mu 2014. Aphunzitsi a makompyuta a m'mayunivesite athu alinso ndi msonkhano wawo wochedwa ICICT ndi magazini ya kafukufuku ya Zambia ICT Journal. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mwalamulo bungwe la ICTAZ, loyang'anira onse ogwira nchito za makompyuta m'dziko muno.

Phunziro lowawa la 2015

Makolo amene anali ndi ana mu giredi 9 caka ca 2015 sanaiwale. Phunziro la Computer Studies linali litangolowa m'masukulu mu 2014, ndipo mayeso ake oyamba anafika pamene masukulu ambiri anali ndi makompyuta owerengeka, kwinaku magetsi akuzimazima cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba. M'masukulu ena ana anadikirana pa mzere, kulemba mosinthana mpaka usiku. Onse anakamba za kusowa kwa makina, ndipo zinali zoona. Koma panali kusowa kwina kosaoneka ndi maso. Ambiri mwa aphunzitsi amene anapatsidwa phunzirolo anali ophunzira masamu, sayansi kapena za malonda, ndipo anangouzidwa kuti asenze katundu watsopano.

Kompyuta tingaigule lero ndi kuiika m'kalasi mawa. Mphunzitsi sagulidwa m'sitolo. Amaumbidwa pang'onopang'ono, ndipo akamaliza koleji amafunika kumanoledwa ngati nkhwangwa. Kuyambira mu 2025 dongosolo la maphunziro linasinthanso, Fomu 1 ndi kulowa m'malo mwa giredi 8, ndipo kusintha kulikonse kotere kumafuna kuti aphunzitsi akhalenso pansi ndi kuphunzira.

Taonani citsanzo ca zimene mphunzitsi angatenge ku wekishopu yabwino. Tim Bell wa ku University of Canterbury ku New Zealand ndi anzake anakonza njira yochedwa CS Unplugged, yophunzitsira nzeru za kompyuta popanda kompyuta. Ana asanu amaimirira kutsogolo, aliyense ndi khadi la madontho: 16, 8, 4, 2 ndi 1. Mphunzitsi akati apange 13, a makadi a 8, 4 ndi 1 amaonetsa, enawo ndi kubisa. Khadi loonekera likalembedwa 1 ndipo lobisika 0, pa bolodi pamatuluka 01101. Umu ndi mmene kompyuta imasungira manambala. Ndi makadi asanu okhawo ana angapange nambala iliyonse kufikira 31, ndipo phunziroli silifuna magetsi ngakhale pang'ono. M'caka ngati 2024, pamene cilala cinatisiya mu mdima maola ambiri pa tsiku, mphunzitsi wodziwa njira zotere sakanauza ana kuti lero kulibe phunziro.

Kompyuta yomva cinenero cathu

Mbali ina imene misonkhanoyi ikutikhudza ndi ya zinenero. Makina amakono amene amamva mau a munthu ndi kuwalemba amaphunzira pomvetsera mau ambirimbiri ojambulidwa. Acingelezi alipo osawerengeka, koma a Cinyanja ndi Cibemba ndi ocepa. Mu 2017 akatswiri a mu Africa anayambitsa msonkhano wa Deep Learning Indaba ku Johannesburg, kuti nzeru zoterezi zisamangobwera kucokera kunja. Kuno kwathu Claytone Sikasote wa pa University of Zambia ndi anzake anasonkhanitsa maola opitirira 24 a mau a Cibemba, nchito yochedwa BembaSpeech, imene inaperekedwa pa msonkhano wa ku Marseille mu 2022. Caka cotsatira, pa msonkhano wa ku Dublin, anaonetsa Zambezi Voice, mmene muli Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi.

Izi si zoseweretsa. Tiganizire agogo amene satha kuwerenga uthenga wa Cingelezi wobwera pa foni, ndipo amapereka foniyo kwa mlendo kuti awathandize kutapa ndalama zimene mwana wawo watumiza. Tsiku limene foni idzamva cinenero cawo, adzasunga cinsinsi cawo ndi ulemu wawo. Njira yopita ku tsikulo ikudzera m'zipinda za semina.

Pamene madzi akutayikira

Tisabise mau. Si semina iliyonse imene imabala zipatso. Tonse tikudziwa za mawekishopu amene anthu amapitira alawansi ndi cakudya ca masana, ndipo mapepala amene alandira amakathera pa msika kukulungira tomato. Nthawi zina amene amatumidwa ndi wamkulu wa pa ofesi, pamene mphunzitsi amene amagwira choko amatsala. Nthawi zinanso ofufuza amakambirana okhaokha m'Cingelezi cozama, osafunsa mphunzitsi wa ku komboni kuti bvuto lake leni-leni ndi lotani pamene ana ambiri akuunjikana pa kompyuta imodzi. Ndipo m'zipinda zambiri za maphunzirowa akazi akali ocepa, zimene zimacititsa mtsikana kuganiza kuti nchitoyi ndi ya amuna.

Cikhalireco njira zofikitsira nzeruzi m'kalasi zilipo kale. Unduna wa Maphunziro uli ndi dongosolo la SPRINT, limene aphunzitsi a sukulu imodzi kapena a dera limodzi amakumana m'kati mwa temu ndi kuphunzitsana. Magulu a JETS akhala akulimbikitsa ana pa sayansi kwa zaka zambiri. Mu Ndola momwemo muli Zambia University College of Technology, imene kale inali Zambia ICT College, komanso NORTEC ndi Northrise University. Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, ili ndi sukulu yake ya ICT. Akatswiri sali kutali ndi Pamodzi. Cosowa ndi mlatho.

Mbali yathu makolo

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi timakonda kufunsa za mpanda, zimbudzi ndi yunifomu. Ulendo uno tiwonjezepo mafunso atatu. Kodi amene akuphunzitsa makompyuta anaphunzira phunzirolo? Kodi anapita liti komaliza ku maphunziro owonjezera? Nanga atabwerako, anagawira anzake zimene anatenga? Tifunse mwaulemu, osati mozenga mlandu, pakuti mphunzitsiyo nayenso amalakalaka atathandizidwa.

Ngati komiti ya sukulu ipeza ndalama zogulira makompyuta, ipatuleko pang'ono zoti mphunzitsi akwerere basi kupita ku Kitwe kukaphunzira. Ndi bwinonso kuti sukulu ilembe kalata ku yunivesite kapena ku koleji yapafupi, kupempha kuti aphunzitsi kapena ophunzira a caka comaliza abwere Loweruka lina kudzaceza ndi ana. Ana athu amene anaphunzira makompyuta ndipo ali pa nchito ku migodi kapena ku mabanki tiwakumbutse kumene anacokera. Ndipo mtsikana akaonetsa cidwi, tisamutume kukatsuka mbale pamene mlongo wake akugwira foni.

Kwa inu ofufuza ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, pempho lathu ndi limodzi. Pokonza semina yotsatira, siyani mipando ingapo ya aphunzitsi a ku sekondale, ndipo tsiku lina msonkhanowo mudzaucitire m'kalasi ya ku komboni, kuti mudzaone ndi maso anu kumene nzeru zanu ziyenera kukathera.