2024: Malaiti anapita, magemu anathawira m'foni

Okonda magemu sadzaciiwala caka ca 2024. Cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo pofika September makomboni ena mu Lusaka anali kukhala maola 20 pa tsiku opanda malaiti. Tuntemba twa PlayStation, kumene anyamata amalipira kuti amenye FC 24 (ambiri akali kuitcha FIFA, ngakhale dzina linasintha mu 2023), tunangoti zii. Anapitiriza ni okhawo ali na genset, koma petulo nayo si ya mahala.

Ambiri anathawira m'foni: PUBG Mobile, Free Fire, eFootball. Vuto, gemu ya pa intaneti imadya batire maningi, ndipo netiweki ikagwa pakati pa nkhondo, anzako amakutukwana ngati wacita dala.

Cimene ndinaona cikukula mwakacetecete ni ma webtoon, nthano za zithunzi zimene zinayambira ku South Korea. Anazipanga zowerenga motsetsereka pansi na cala cimodzi, ndiye olo mupanikizane anai pa mpando, dzanja lina likudikira cenji kwa kondakitala, nkhani ipitabe. Katuni ya Solo Leveling itayamba mu January, anzanga angapo anapita kukafunafuna webtoon yake. Mu June kampani ya Webtoon Entertainment inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq ku New York. Tuzithunzi utu muli ndalama.

Ine cimene ndinalakalaka caka conse ni kutsegula foni n'kupeza nthano ya ngwangwazi wa pa Kulima Tower, mu Cinyanja, yojambulidwa na mwana wa ku Matero.