Nkhokwe ya Zithunzi ndi Mau Pakhomo: Kumanga Sikubvuta, Nchito Iri pa Kusamala

Akulu-akulu a ku Chiparamba amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1970 akali kukumbukira tsiku limene galimoto ya bayasikopo inali kufika pa bwalo la sukulu. Mbiri inali kumveka kukali masana, ndipo pofika cisisira anthu a midzi yozungulira anali atakhala kale pansi, ana kutsogolo, azimai pa mphasa, madoda kumbuyo atatsamira njinga zao. Anyamata a Zambia Information Services anali kupacika nsaru yoyera, kuliza injini ya magetsi, ndi kuonetsa zithunzi za ulimi, za umoyo ndi za maulendo a atsogoleri. Zikatha, galimoto inali kulongedza zonse nipita, mudzi nutsala ndi nkhani cabe kufikira idzabwerenso patapita miyezi.

Wailesi nayo inali ndi cilema comweco. Ija yoyamba ya anthu wamba, yochedwa Saucepan Special cifukwa cofanana ndi poto, inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa £5 mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda. Inali cinthu camtengo wapatali, koma munthu anali kumva cimene a ku Lusaka asankha, pa nthawi imene iwo asankha. Nyimbo ya Alick Nkhata ikalira muli kumunda, ndiye kuti yakupitani.

Lero zinthu zatembenuka. Bayasikopo iri m'thumba la mwana aliyense amene ali ndi foni yaikulu, ndipo anthu akumudzi eni ake ndiwo ajambula Nc'wala ku Mtenguleni, maukwati, makwaya ndi maliro. Komabe mabvuto awiri atsala. Loyamba ndi ndalama: kuonera kanema pa intaneti kudya pafupi-fupi theka la gigabaiti pa ola limodzi, ndipo m'nyumba ya anthu asanu aliyense alipira payekha kuti aone cinthu cimodzi-modzico. Laciwiri ndilo lalikulu: zimene tijambula zikhala m'timakadi tating'ono ta m'foni, timene titaika, tibedwa, kapena kungofa popanda cizindikiro. Wolemba uno anajambulapo amalume ake akufotokoza mzera wa makolo ndi m'mene banja linasamukira pamalo pamene liri tsopano. Kadi ija inakana kutseguka tsiku lina m'mawa, ndipo amalumewo anagona kale. Palibe sitolo kumene mau ao angagulidwenso.

Cifukwa cake lero tikamba za cipangizo cimene akatswiri acicha seva ya pakhomo. Dzina lisakuopseni. Seva ndi kompyuta imene nchito yake ndi kusunga zinthu ndi kugawira ena akapempha, monga m'mene nkhokwe imodzi idyetsera nyumba zonse za pakhomo. Makanema, nyimbo ndi zithunzi zonse ziikidwa pamalo amodzi, ndipo aliyense wa pabanja aonera pa foni yake kapena pa wailesi ya kanema, wina kwaya, wina mpira wa dzana, popanda kuononga ngwee ya bando ngakhale imodzi. Cinsinsi cimene ambiri sadziwa ndi cakuti Wi-Fi ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kabokosi kochedwa rauta kalumikiza mafoni ndi seva m'kati mwa nyumba ngakhale kulibe netiweki ya kampani iriyonse. Mphamvu yake ifika mamita makumi awiri kapena atatu, ndipo icepa ikadutsa m'zipupa za njerwa ndi m'malata, motero rauta iyenera kukhala pamalo okwera, pakati pa nyumba.

Kompyuta yake siyenera kukhala yatsopano. Laputopu yakale imene mwana anasiya atatsiriza koleji, ngakhale galasi lake linang'aluka, ikwanira, ndipo ubwino wake ndi wakuti iri ndi batire yake-yake imene iiteteza magetsi akathima mwadzidzidzi. Ena akonda Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'cikhato kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012 pa mtengo wa $35, kamene anakapangira ana a sukulu. Mtundu wa nambala 4, umene unaturuka mu 2019, ukwanira bwino pa nchito imeneyi ndipo udya magetsi pang'ono kwambiri. Ku kompyutayo mulumikiza disiki ya kunja, ndiyo nkhokwe yeni-yeniyo. Disiki ya terabaiti imodzi, ndiko kuti magigabaiti 1,000, itenga makanema a ola ndi theka pafupi-fupi 1,000 ngati sali olemera kwambiri, ndipo nyimbo ndiye sitingaziwerenge, popeza imodzi idya mamegabaiti 4 kapena 5 cabe.

Cotsala ndi pulogalamu yoyendetsa nkhokweyo. Zochuka ziripo zingapo, koma kwa munthu wa ku Chiparamba ife tiona kuti Jellyfin ndiyo yoyenera. Inayambika mu December 2018, ndi yaulere, ndipo sifuna kuti mulembetse dzina ku kampani iriyonse. Inzake yochedwa Plex ndi yokongola, koma ifuna kulembetsa pa intaneti, ndipo kuyambira mu 2025 eni ake alipiritsa munthu wofuna kuonera makanema ake ali kutali ndi kwao. Intaneti ifunika kamodzi poika Jellyfin, ndipo nchito imeneyi mungaicitire m'tauni ya Chipata kapena kubwereka bando ya pa foni tsiku limodzi. Ikaikidwa, muiuza mafoda mmene muli zinthu zanu, ndipo foni iriyonse yolumikizidwa ku rauta ilowa polemba nambala ya seva, monga 192.168.1.10, kutsatiza ndi :8096. Uzani amene akuthandizani kuti aikhazike nambala imeneyi mu rauta kuti isamasinthe, cifukwa ikasintha banja lonse liganiza kuti seva yafa pamene iri moyo.

Pali msampha umodzi pano. Kanema akakhala wa mtundu umene foni siutha kuwerenga, seva iyesa kumusandutsa pomwepo akuonetsedwa, ndipo nchito imeneyi iremetsa kakompyuta kakang'ono kufikira zithunzi ziyamba kudumpha-dumpha. Mankhwala ake ndi kusunga makanema onse mu mtundu wa MP4 wa H.264, umene pafupi-fupi foni iriyonse iudziwa.

Zonsezi mnyamata wocenjera angazitsirize tsiku limodzi Loweruka. Koma monga mlimi aliyense adziwa, kuluka nkhokwe ndi nchito ya masiku ocepa, pamene kulimbana ndi anankafumbwe ndi ciswe ndi nchito ya caka conse.

Mdani woyamba ndi magetsi. Palibe amene waiwala caka ca 2024, pamene cilala cinacititsa Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema kulengeza tsoka la dziko lonse pa 29 February, ndipo madzi atacepa ku Kariba, pofika September makomo ambiri anali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku. Tsono nyumba zambiri za kumidzi ziribe ndi waya womwe. Seva yomangidwa modalira magetsi a ZESCO okha idzakhala cokongoletsera pa thebulo. Mwamwai masamu a sola sali oopsa. Raspberry Pi pamodzi ndi disiki yake ndi rauta zidya mawati osapitirira 15. Zikayaka maola anai madzulo, zidya mawati-ola 60. Batire ya mavoti 12 ya maampu-ola 50 isunga mawati-ola 600, ndipo mwa amenewa theka ndilo loyenera kugwiritsidwa nchito ngati mufuna kuti batire ikhalitse. Sola ya mawati 50 ibweza mphamvu imeneyi mosabvuta tsiku la dzuwa. Cimene cimaliza batire ndi wailesi ya kanema, imene yokha idya kawiri kapena katatu kuposa zonsezi, ndiponso alendo obwera kudzachaja mafoni. M'miyezi ya January ndi February, pamene mitambo iphimba masiku otsatizana, ndi bwino kuonera pa mafoni ndi kuisiya wailesi ya kanema ipumule.

Kuthima kwadzidzidzi ndiko kupha makompyuta ang'ono-ang'ono. Raspberry Pi iyendera pa kadi yonga ya m'foni, ndipo magetsi akaduka pamene iri kulemba, kadiyo isokonezeka niikana kuyaka m'mawa mwake. Motero pakhomo pakhale lamulo lakuti seva ithimitsidwa mwa dongosolo lake, osati mozula nthambo, ndipo pakhale kadi yaciwiri yokonzeratu yosungidwa mu envulopu. Makadi ndi mafulashi gulani mosamala. Pali ena onyenga olembedwa magigabaiti 128 pamene m'kati mwake muli malo ocepa. Alandira zonse mwaulemu, koma tsiku lofuna kuonera mupeza kuti zambiri ndi mankhusu. Musanadalire kadi yatsopano, idzazeni ndi makanema, ndipo mutsegule oyamba ndi otsiriza omwe.

Adani ena ndi a masiku onse. Fumbi la August ndi September litseka timabowo topumira, ndipo kutentha kwa October pansi pa malata kucititsa kompyuta kucedwa kapena kudzithimitsa yokha. Azimai athu akonda kufunditsa cipangizo ciriconse ca mtengo ndi kansaru koluka. Pa seva mwambo umenewu ulekeke, cifukwa ifuna mphepo. Nyerere ndi mphemvu zikonda malo ofunda, makoswe akonda nthambo. Disiki ya mtundu wozungulira m'kati siifuna kugwedezedwa iri kugwira nchito, tsono isakhale pa thebulo lodyera kapena pamene mwana wokwawa angakoke. Mvula ya mphenzi ikayamba, zulani zonse zolumikizidwa ku magetsi a waya. Kamodzi pa mwezi pukutani ndi kupemerera fumbi, ndipo kawiri kapena katatu pa caka ilumikizeni ku intaneti kuti mapulogalamu alandire zokonza zatsopano.

Koma ngakhale mutacita zonsezi, disiki iriyonse idzafa tsiku lina, ndipo siitsazika. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Kusamutsa zithunzi za banja kucoka m'mafoni asanu kuziika pa disiki imodzi, ndi kuzifafaniza m'mafonimo, ndiko kuika mbeu zonse m'cikwatu cimodzi. Pafunika disiki yaciwiri yokopera zonse zimene sizingapezekenso kwina, ndipo isagone m'nyumba imodzi ndi yoyamba, cifukwa moto, mbala ndi denga lodontha sizisankha. Isungidwe kwa acemwali ku Kapata kapena kwa m'bale wa mudzi wina, nibwere kamodzi pa mwezi kudzalandira zatsopano. Ngati ndalama zikwanira disiki imodzi yaikulu kapena ziwiri zazing'ono, gulani ziwiri zazing'ono. Mafilimu a karate akataika mudzawapeza. Ukwati wa mwana wanu sudzabwerezedwa.

Nanga m'nkhokwemo muikemo ciani? Funso limeneli lisasiyidwe kwa anyamata okha, kuopa kuti ingadzale ndi nkhonya ndi mfuti. Bungwe la Access Agriculture lipereka kwaulere makanema a ulimi, ambiri a iwo otembenuzidwa m'Cinyanja, amene mlimi wa nshawa ndi cimanga angaonere mobwereza-bwereza nyengo isanafike. Pa kompyuta yomweyo mungaikenso Kolibri, pulogalamu ya maphunziro yoyenda popanda intaneti imene inaturuka mu 2017 ndipo iri ndi Cinyanja pakati pa zilankhulo zake, kapenanso Kiwix, imene isunga Wikipedia kuti ana a sukulu aziwerenga pakhomo. Jellyfin ilola kuti munthu aliyense akhale ndi khomo lake lolowera ndi mau ake acinsinsi, kotero makolo angatsekere ana mafoda osayenera msinkhu wao. Rauta nayo ikhale ndi mau acinsinsi, apo ai mudzadabwa kuona anyamata a mudzi wonse atatsamira cipupa canu usiku.

Tinenepo za oimba. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 liteteza nyimbo ndi mafilimu, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo liyang'anira gawo la oimba. Kusunga pakhomo nyimbo imene munagula kusiyana kutali ndi kukopera anthu pa mtengo kapena kulipiritsa pakhomo monga m'mavidiyo sho. Woimba wa kwathu kuno amene anagulitsa mbuzi kuti alowe mu situdiyo ayenera kudyako thukuta lake. Ndiponso si zonse zoyenera kujambulidwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, abvinidwa poyera ku Kulamba ku Mkaika ndipo anthu ajambula momasuka, koma za kudambwe ndi za m'cinamwali ziri ndi eni ake, ndipo foni isalowe kumene mwini wake sanaitanidwe.

Nchito yotsiriza ndiyo imene makina sangaticitire. Filimu ya ku America ikalowa mu Jellyfin pamene intaneti iripo, pulogalamu idzipezera yokha dzina, caka ndi cithunzi ca pacikuto. Koma kanema wa maliro a agogo kapena wa ngoma ya ku Mtenguleni palibe kwina kulikonse kumene analembedwa, ndipo foni imupatsa dzina la manambala okha-okha. Pakapita zaka khumi palibe adzadziwa kuti nkhalamba yobvala cikumba ca nyalugwe ija ndani. Dzina la kanema aliyense liyambe ndi caka, kenaka mwezi, malo ndi cocitika, monga 2023-02 Mtenguleni Nc'wala. Mwana wodziwa kulemba pa kompyuta akhale pamodzi ndi ambuye ake madzulo ena, kanema aziimitsidwa pa nkhope iriyonse, ambuye azichula dzina, mfunda ndi mudzi, mwanayo azilemba m'kafailo kosungidwa mu foda yomweyo. Ndipo pamene ambuye ali kufotokoza, foni ina ikhale iri kujambula.