Mwana akamaponda pansi m'kalasi, musati aphunzitsi asowa chochita

Makolo ambiri amene ndimacheza nawo m'misika ya Limbe ndi Ndirande amati sukulu ndi kope, cholembera ndi kukhala duu. Mwana akati lero timaomba m'manja ndi kuponda pansi, bambo amayamba kudandaula kuti ndalama ya yunifolomu yalowa m'madzi. Abale anzanga, dikirani kaye. Ine ndikuti phokoso limeneli ndi phunziro, ndipo ndi phunziro losalira ngakhale tambala.

Ku America kuli gule wotchedwa tap. Wovina amavala nsapato zokhomedwa tizitsulo tiwiri, kena kuchala kena kuchidendene, ndiye akamaponda pathabwa mapaziwo ndi amene amakhala ng'oma. Nanga zinayamba bwanji? M'chaka cha 1739 akapolo anaukira mabwana awo ku Stono, m'dera la South Carolina. Chaka chotsatira, 1740, lamulo linawaletsa kukhala ndi ng'oma. Koma munthu ungamulande ng'oma, mapazi sungamulande. Anthuwo ankaomba m'manja, kumenya ntchafu ndi pachifuwa, n'kumaponda pansi. Kenaka mavinidwe awo anasakanizika ndi a anthu osauka ochokera ku Ireland, makamaka ku Five Points mumzinda wa New York, kumene William Henry Lane anatchuka m'zaka za m'ma 1840 ndi dzina loti Master Juba.

Lero guleyu ndi wolemekezeka zedi. Mu 1989 boma la America linakhazikitsa 25 May kukhala tsiku la tap, pokumbukira tsiku limene katswiri Bill Robinson anabadwa mu 1878.

Kwa ife izi si zachilendo ayi. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela anakapeza anzawo a m'migodi akuvina pomenya majombo ndi manja. Kunonso wovina akamanga maseche m'miyendo, phazi lililonse limayankhula.

Tsono tibwere m'kalasi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si zodabwitsa kupeza ana opitirira 100 akuyang'ana mphunzitsi mmodzi. Ng'oma yokwanira onsewo ichokera kuti? Koma aliyense wabwera ndi manja ndi mapazi ake, ndipo phunziro la Expressive Arts lilipo kale pa ndandanda.

Masewera oyamba ndi oyankhana. Mphunzitsi aomba m'manja katatu n'kuponda kamodzi, ana abwereza chimodzimodzi. Amene amalota masana amagwidwa pompo, chifukwa phazi lake limalira lokha anzake atasiya.

Achiwiri ndi a chala ndi chidendene, momwe ovina tap amayambira. Mwana amenya pansi ndi kutsogolo kwa phazi, kenaka ndi chidendene, uku akuwerenga kuyambira 1 mpaka 8. Mphunzitsi akati pa 4 ndi pa 8 pokha pondani mwamphamvu, mwanayo wayamba kale kugawa 8 pakati asanaone samuyo pabolodi.

Achitatu ndiwo anu enieni a pamsika. Ana aponda kamodzi pa phatikizo lililonse la mawu: nso-mba kawiri, u-si-pa katatu, ma-ti-ma-ti kanayi. Chichewa chimawerengedwa ndi maphatikizo omwewa, choncho mwana wa Sitandade 1 amene wamva ndi phazi kuti usipa uli ndi zigawo zitatu savutika kwambiri akauona utalembedwa.

Achinayi, kalasi igawidwa patatu: ena aomba m'manja, ena amenya ntchafu, ena aponda. Aliyense asunge kamvekedwe kake osatengeka ndi ka mnzake. Apa mpamene mwana amaphunzira kumvetsera ndi kudikira nthawi yake, zomwe ngakhale akuluakulu ena pamzere wa kuchigayo zimawakanika.

Ndikudziwa funso lanu: nsapato zake zija tizitenga kuti? Musavutike. Ana ovina m'misewu ya New Orleans amakhomerera zitsekerero za mabotolo kunsi kwa nsapato wamba, basi nyimbo yayamba. Zitsekerero zangoti mbwee kuseri kwa golosale iliyonse, ndipo nsapato yotha ya pakaunjika ikukwana. Chenjezo langa n'lakuti musalole mwana akhome nsapato ya kusukulu kapena ya kutchalitchi, komanso avinire pathabwa, chifukwa chitsulo chimaterera pasimenti. Wopanda nsapato naye asatsale, manja ndi ntchafu ali nazo.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana akabwera madzulo kubenchi kwanu n'kuyamba kugogoda pansi, musamuthamangitse kuti akuopseza makasitomala. Mutchulireni dzina la katundu amene mukugulitsa, muone ngati aponde molondola. Akalakwitsa pa bo-no-ngwe, mawa mukafunse aphunzitsi.