Kuwombana kwa Nyenyezi Komwe Kumayamba Kuonekera mu Kompyuta

Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa maulendo angapo ikatha mphamvu zoyakira imaphulika, ndipo pakati pake pamatsala chotsalira cholimba chimene akatswiri a fizikisi amachitcha nyenyezi ya manyutroni, popeza maatomu ake amapanikizana mpaka kuphwanyika n'kusanduka tizigawo topanda mphamvu ya magetsi totchedwa manyutroni. Nyenyezi yotereyi m'mimba mwake simupitirira kwenikweni makilomita 25, komabe imalemera kuposa dzuwa lathu. Nthawi zina nyenyezi ziwiri zamtunduwu zimakhala zikuzungulirana kwa zaka mamiliyoni ambiri, zikuyandikirana pang'onopang'ono kufikira tsiku lomwe zimawombana.

Chimene chimaziyandikizitsa chinafotokozedwa ndi Albert Einstein m'chaka cha 1916, pamene anaonetsa kuti zinthu zolemera zikamazungulirana zimagwedeza danga lenilenilo, ndipo kugwedezekako kumafalikira ponseponse monga momwe madzi a padziwe amachitira mwala ukagweramo. Awa ndiwo mafunde a mphamvu yokoka, ndipo akamachoka amatenga ina mwa mphamvu za nyenyezizo, zomwe zimachititsa kuti njira yawo yozungulirana izicheperachepera.

Vuto ndi lakuti masamu a Einstein, ngakhale amalembeka m'mizere yochepa, sangawerengedwe ndi cholembera ndi pepala pa nthawi imene nyenyezizo zikukhudzana, ndiponso palibe labotale pa dziko lino imene ingapanikize zinthu mpaka kufika pamlingo umenewo. Choncho akatswiri amamanga nyenyezizo mkati mwa kompyuta. Amagawa danga m'timabokosi mamiliyoni ambirimbiri, m'kabokosi kalikonse n'kuikamo manambala osonyeza kuchuluka kwa zinthu, kutentha, liwiro, mphamvu ya maginito ndi kupindika kwa danga, kenaka kompyuta imawerengera momwe manambalawo asinthire pakapita kanthawi kochepa zedi, n'kubwereza zimenezo kambirimbiri. Ntchitoyi inakanika kwa zaka zambiri chifukwa tizolakwika ting'onoting'ono ta m'mawerengedwe tinkakula mofulumira mpaka pulogalamu yonse kuima. Masaru Shibata ndi Koji Uryu a ku Japan ndi amene anatha koyamba, m'chaka cha 2000, kutsatira kuwombana kwa nyenyezi ziwiri za manyutroni pogwiritsa ntchito masamu onse a Einstein, ndipo mu 2005 Frans Pretorius, wobadwira ku South Africa, anachita chimodzimodzi ndi ma black hole awiri, omwe ndi malo amene mphamvu yokoka imakhala yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawamo.

Phindu la khama limeneli linaoneka pa 17 Ogasiti 2017, pamene makina a LIGO a ku Hanford ndi ku Livingston m'dziko la America, mothandizana ndi a Virgo pafupi ndi mzinda wa Pisa ku Italy, anamva mafunde amene anatha pafupifupi masekondi 100, ochokera mu mlalang'amba wa NGC 4993, pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Patangopita masekondi 1.7, setilaiti ya Fermi inaona kung'anima kwa cheza champhamvu chotchedwa gamma, ndipo pasanathe maola 12 makina oonera zakuthambo a ku Las Campanas m'dziko la Chile anapeza kadontho katsopano kowala pamalo omwewo. Popanda zimene makompyuta anawerengeratu, zambiri mwa zimenezi zikanangokhala zizindikiro zosamasulirika. Poyerekeza mafundewo ndi zotsatira za mawerengedwe, akatswiri anadziwa kuti nyenyezi iliyonse inapotoka pang'ono chabe pokokedwa ndi inzake, zomwe zinatsutsa maganizo ena akuti nyenyezi zamtunduwu ndi zokulirapo. Kuwala kuja, komwe kunayamba kobiriwira ngati thambo n'kumafiira m'masiku otsatira, kunagwirizananso ndi zimene zinayembekezeka ngati zinthu zotayika pa kuwombanako zikupanga zitsulo zolemera, gulu lomwe muli golide ndi pulatinamu. Ganizo limeneli, tinene pano, si latsopano, pakuti James Lattimer ndi David Schramm analiyambitsa kale mu 1974, ngakhale kuti iwo ankanena za kuwombana kwa nyenyezi ya manyutroni ndi black hole.

Komabe gawo lofunika kwambiri silinamveke. Nyenyezizo zikangowombana, chotsaliracho chimanjenjemera maulendo zikwi zingapo pa sekondi, ndipo makina a masiku ano samva bwino mafunde othamanga chotero, motero funso lakuti chotsalira cha mu 2017 chija chinakhala nthawi yaitali bwanji chisanagwe n'kukhala black hole likuyankhidwabe makamaka ndi kompyuta. Mawerengedwe ambiri amangotsatira kagawo kochepa ka sekondi, ndipo pamene Kenta Kiuchi ndi anzake anakwanitsa kutsatira sekondi imodzi yathunthu m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2023, panafunika Fugaku ya ku Kobe, imodzi mwa makompyuta amphamvu kwambiri pa dziko lonse. Zimene anapezazo zidzatsimikizika pokhapokha makina atsopano, monga Einstein Telescope yomwe mayiko a ku Ulaya akukonzekera kumanga, akadzayamba kugwira ntchito.