MAPU A LUPSA

M'miyezi ya cilimwe mapiri ozungulira mzinda wa Chipata ayaka moto usiku. Ena atentha thengo posaka mbewa, ena pofuna msipu wa ng'ombe zao. Kukaca tiona lupsa lokhalokha. Koma ndani angayende pansi kucokera ku Chipata kufikira ku cigwa ca Luangwa, napima malo onse amene apsa? Palibe. Cifukwa cace nchito imeneyi icitika ndi masetilaiti.

Setilaiti ndi makina amene azungulira dziko kumwamba kutalitali, najambula zithunzi za pansi. Yoyamba ya mtundu wochedwa Landsat inaponyedwa kumwamba ndi anthu a ku Amereka m'caka ca 1972. Landsat ya masiku ano iyenda pa msinkhu wa makilomita 705, ndipo ibwerera pamwamba pa malo omwewo atapita masiku 16.

Diso la setilaiti liona kuunika kwina kumene maso athu sangathe kuona. Masamba aawisi abweza kuunikako kwambiri, koma makala ndi phulusa zibweza pang'ono cabe. Tsono akatswiri atenga zithunzi ziwiri za malo amodzi, cina moto usanadze, cina utapita, nazilinganiza. Pamene kuunika kwacepa mwadzidzidzi apakapo utoto pa mapu, nalemba tsiku lace. Zithunzizo zisatalikirane masiku, pakuti msipu ukaphuka lupsa lizimirira.

Mapu otere aonetsa kuti mwa malo onse akupsa pa dziko lapansi caka ndi caka, oposa theka ali m'Afrika muno. Aonetsanso mwezi umene moto unapita, ndipo apa ndi pamene pagona phindu lace. Moto wa mu Juni, udzu usanaumitse, ungonyambita pansi, mitengo niipulumuka. Koma moto wa mu Okutobala upha timitengo ta mombo, upsereza udzu wofolera nyumba, nusiya nthaka pambalambanda kuti mvula yoyamba iikokolole. Poona mapu, akulu oyang'anira nkhalango angathe kudziwa malo amene apsa mocedwa caka ciri conse, napangana ndi mafumu kuti anthu atenthe msanga ndi kulambula njira zochinga moto.

Setilaiti siizima moto, ana inu. Igwira nchito ya mlonda, koma kusunga thengo kuli m'manja mwa eni mudzi.

MAFUNSO
1. Kodi akatswiri alinganiza zithunzi ziwiri cifukwa ninji?
2. Moto wa mu Juni usiyana bwanji ndi wa mu Okutobala?