Van Damme: mafilimu amene anatigwira pa benchi, ndi amene anatidyera ndalama chabe

Mukafuna kuyambitsa mkangano ku barbershop olo pa kantemba, musavutike ndi nkhani za bola. Funsani chabe kuti filimu ya Van Damme yopambana zonse ndi iti. Mudzaona amadala a imvi akuimirira, uyu ati Bloodsport, uyo ati Kickboxer, wometa naye aiwale kuti mutu wanu wametedwa mbali imodzi. Ngati munakulira ku Matero, Chawama, Mandevu kapena Kapata ku Chipata m'zaka za m'ma 1990, mudziwa kumene matenda awa anachokera: kanyumba kamdima ka video show, mabenchi olimba, TV imodzi pamwamba ndi tepi yotopa imene yazungulira komboni yonse. Mukatuluka mmenemo aliyense anali starring, ndipo mabuluku a sukulu ambiri anang'ambika pakati chifukwa choyesa split.

Mudala uyu manje apitirira zaka 60. Anabadwira ku Brussels m'dziko la Belgium pa 18 October 1960, ndipo dzina lake lenileni ndi Jean-Claude Van Varenberg. Anayamba karate ali ndi zaka 10, ndipo atafika zaka 16 analowanso ballet, gule uja wa azungu wovina ndi zala zakumapazi. Musaseke, ndiko kunachokera miyendo ija. Anapita ku America mu 1982 akudziwa Chingerezi chochepa, ndipo kuchokera apo wapanga mafilimu maningi. Ena ndi chuma. Ena, olo mupatsidwe mahala, bundle yanu ndiyo idzalira.

Tiyambe ndi zinyalala, tichotse fungo msanga.

Pansi penipeni pali Derailed ya 2002. Nkhani yake ndi ya sitima yochoka ku Slovakia kupita ku Germany, muli zigawenga ndi kachilombo koopsa. Sitimayo muiona bwinobwino kuti nthawi zina ndi kachidole, ndipo ndeu anazidula-dula mpaka simudziwa amene wamenya ndi amene wamenyedwa. Pafupi nayo pali Universal Soldier: The Return ya 1999, mmene anaikamo Bill Goldberg wa wrestling ndi Michael Jai White. Sinabweze ndalama zimene anaikamo, ndipo itapita iyo mafilimu ambiri a Van Damme anasiya kuoneka ku cinema, anayamba kungolunjika pa tepi ndi pa DVD.

Double Team ya 1997 ndi yoipa mwa mtundu wina, yoipa yoseketsa. Anamuphatikiza ndi Dennis Rodman, katswiri wa basketball wa tsitsi losinthasintha mitundu, amene sanali wa mafilimu ngakhale pang'ono. Kumapeto kuli Mickey Rourke, kambuku, mabomba okwirira pansi m'bwalo lakale la ku Rome, ndipo moto ukaphulika anthu abisala kumbuyo kwa makina ogulitsa Coca-Cola ndi kupulumuka. Sure? Chaka chotsatira, wotsogolera yemweyo, Tsui Hark, anabweretsa Knock Off, nkhani ya ma jeans a gong'a ku Hong Kong amene ali ndi timabomba m'mabatani. Ife odziwa gong'a ya mumsika tingaimvetse filimu iyi kuposa azungu, koma nayo yomwe ndi gong'a.

Imene iwawa mtima kwambiri ndi Street Fighter ya 1994, chifukwa apa ndalama zinalipo, dzina linalipo, ndipo ana padziko lonse anali kusewera gemu imeneyo. Van Damme anasewera Colonel Guile, msilikali wa ku America wokhala ndi mbendera ya dziko lake pamkono, koma akatsegula pakamwa mumva Chifalansa cha ku Brussels chokhachokha. Maso ake ndi ofooka, ndeu zake zilibe moto. Patapita zaka, wotsogolera filimuyi, Steven E. de Souza, anaulula kuti starring wake anali atamira mu cocaine nthawi yojambula, ndipo mwini wake naye sabisa kuti mankhwalawa anamugwira zaka zimenezo. Amene ananyamula filimu yonse pamutu ndi Raul Julia, chibwana M. Bison. Bambo uyu anali kudwala khansa, anavomera ntchitoyi chifukwa ana ake anali kukonda gemuyo, ndipo anamwalira mu October 1994 filimu isanatuluke. Munthu wodwala anagwira ntchito kuposa munthu wa minofu. Mukaitamba, itambireni Raul Julia.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chimenecho ndicho Van Damme anali pamwamba penipeni. Timecop, imene tiika pa nambala 5, inatuluka mu 1994 momwemo ndi kupanga ndalama zopitirira madola 100 miliyoni. Ndi wapolisi woyenda m'nthawi, kubwerera kumbuyo kukagwira ndale wakuba, Ron Silver, ndiponso kuyesa kupulumutsa mkazi wake amene anafa. Muli ka split kaja kodumphira pamashelefu a kukhitchini madzi a pansi atagwidwa ndi magetsi. Iye mwini amakamba kuti itapambana filimuyi anapatsidwa mwayi wa mafilimu atatu pa madola 12 miliyoni iliyonse, koma anati afuna 20 miliyoni monga Jim Carrey. Foni inadulidwa, ndipo zitseko zinayamba kutsekeka. Ba mudala anadzimenya kiki okha.

Universal Soldier yoyamba ya 1992 ndi Lionheart ya 1990 zatsalira pakhomo pang'ono chabe. Yoyambayo mukumbukira Dolph Lundgren ndi mkanda wake wa makutu a anthu kuposa Van Damme. Lionheart ili ndi mtima: msilikali athawa usilikali wa French Foreign Legion ndi kumenya ndeu za ndalama kuti adyetse mlamu wake wamasiye ndi mwana wa mbale wake. Aliyense amene anasungapo ana a malemu adziwa katundu ameneyo.

Manje gwirani mtima, chifukwa Kickboxer ya 1989 tiiika pa nambala 4 chabe. Tidziwa kuti ena mwatseka kale nyuzi. Tong Po ndi chilombo chenicheni, mutu wometa ndi kamchira ka tsitsi, kumenya chipilala ndi msongolo mpaka fumbi kugwa. Maphunziro a Kurt Sloane kwa mudala Xian, kumenya mtengo, kukokedwa miyendo ndi zingwe, ndiwo anatipengetsa tonse. Kuvina kuja kwa mu bar ataledzera mpaka lero kuzungulira pa Facebook ndi pa TikTok. Koma itambeninso ndi maso a munthu wamkulu. Pakati pake filimu igona, nkhani ya chikondi ndi yozizira, ndipo ndeu yeniyeni muidikira mpaka kumapeto, pamene amanga manja ndi zingwe ndi kuwaviika m'magalasi oswekasweka. Kanthu kamene ambiri sadziwa: Tong Po sanali wa ku Thailand. Ndi Michel Qissi, wobadwira ku Morocco, mnzake wa Van Damme kuchokera paubwana ku Brussels, amene anapita naye limodzi ku America kukasaka mwayi.

Nambala 3 ndi filimu imene video show sinaonetsepo, chifukwa pofika 2008 ambiri anali atatseka, ndiponso anyamata akanafuna kubwezeredwa ndalama zawo. Dzina lake ndi JCVD, ndipo yambiri ili m'Chifalansa. Van Damme asewera iye mwini: wotopa, wopanda ndalama, akuluza mlandu wolimbirana mwana wake wamkazi kukhoti, ntchito imene anali kuyembekeza atamulanda Steven Seagal. Alowa mu positi ofesi ku Brussels kukatenga ndalama, apeza akuba agwira anthu mkati, ndipo apolisi panja aganiza kuti wakuba ndi iyeyo. Palibe kuuluka, palibe kumenya anthu makumi awiri. Ndiye pakati pa filimu mpando wake ukwera m'mwamba, ayang'ana kamera, ndi kukamba nanu mphindi pafupifupi 6 osadula. Akamba za mankhwala, za akazi, za kutchuka kumene kunamupeza asanakonzeke, misozi ikutsika. Magazini ya Time inalemba kuti anayenera Oscar. Ngati muli ndi mwamuna kunyumba amene amati mwamuna salira, mukhazikeni pansi atambe iyi.

Hard Target ya 1993 ndi nambala 2, ndipo kunena za luso lojambula, palibe filimu ya Van Damme yoiposa. Inali filimu yoyamba ya John Woo ku America atachoka ku Hong Kong, ndipo anabwera ndi zonse zake: nkhunda zouluka, mfuti m'manja onse awiri, kiki yoonetsedwa pang'onopang'ono kuti muione bwino mmene ifikira pa chibwano. Nkhani yake ndi yowawa. Ku New Orleans anthu olemera alipira ndalama kuti asake anthu osauka ogona mumsewu, makamaka amene anali asilikali, monga nyama zakutchire. Lance Henriksen ndiye bwana wa malonda oipawa, ndipo womuthandiza wake, Pik van Cleef, ndi Arnold Vosloo wa ku South Africa kuno kwathu kumwera, amene pambuyo pake munamuona mu The Mummy. Van Damme, tsitsi lalitali kumbuyo lonyezimira mafuta, aimirira pa njinga yamoto ikuthamanga, ndipo penapake agwira njoka ndi kuikomola ndi chibakera. Zopusa, inde. Koma mudzabweza kumbuyo kuti muonenso.

Korona ipita kwa Bloodsport ya 1988, ndipo apa sitipepesa. Inapangidwa ndi ndalama zochepa ndi kampani ya Cannon, inakhala pa shelefu chifukwa mabwana sanaikonde, mpaka Van Damme mwini anathandiza kuidulanso kuti ituluke. Chingerezi chake ndi chopindika, nkhani ndi yopyapyala: Frank Dux athawa ku usilikali kupita ku Hong Kong kukamenya nawo mpikisano wachinsinsi wa Kumite polemekeza mphunzitsi wake, apolisi awiri a usilikali akumuthamangitsa, mmodzi wa iwo Forest Whitaker amene anadzapata Oscar posewera Idi Amin. Koma filimu iyi idziwa chimene munabwerera. Ndeu pambuyo pa ndeu, aliyense ndi kamenyedwe kake, wa sumo, wa muay thai, wina woyenda ngati nyani. Pali njerwa ija yapansi yophulika zapamwamba zili chilili, pali split pa mipando iwiri. Ndipo pali Chong Li. Bolo Yeung, amene anali kale mu Enter the Dragon ya Bruce Lee mu 1973, safunika kukamba zambiri. Agwedeza chifuwa, akuyang'anani, basi mwatha. Uja amene Chong Li amuthyola mwendo fupa kutulukira panja ndi Michel Qissi yemwe uja, Tong Po wa chaka chotsatira. Pamene Chong Li aponya ufa m'maso mwa starring ndipo iye amenya ali wakhungu, akukuwa maso ali psuu, video show yonse inali kuimirira pa mabenchi. Opanga gemu ya Mortal Kombat anatengera Johnny Cage pa Van Damme wa mufilimu imeneyi.

Chinthu chimodzi chabe, musakapite nacho kukabetcha. Filimu imatha ndi mawu akuti zonsezi zinachitikadi kwa Frank Dux weniweni. Chaka chomwecho cha 1988 nyuzipepala ya Los Angeles Times inafufuza nkhani zake ndi kupeza kuti zambiri zilibe umboni, ndipo inalemba kuti chikho chimene iye amati anapata ku Kumite chinagulidwa m'sitolo ya zikho kufupi ndi kwawo ku California. Ba Dux anakana, ati ndi adani ofuna kuwaipitsa dzina.